Kupempha Nzeru ndi Nyimbo: Ulendo wa ku Akachisi a Mapulaneti ku Tamil Nadu

Lachiwiri, Kumbakonam

Tafika. Sitima yanyamuka ku Chennai Egmore m'mawa, ndipo kuno ku Kumbakonam, m'chigawo cha Tamil Nadu kum'mwera kwa India, yatitula dzuwa litapendeka. Kuyambira ku Chidambaram njira yonse ndi mpunga wokhawokha, wina wokolola kale, wina ukadali chiimire, ngalande za madzi a mtsinje wa Kaveri zikudutsa pakati pa minda.

Ndatsagana ndi banja la mnzanga amene timaphunzira limodzi za kaphunzitsidwe ka masamu ku Chennai. Tili ndi mkazi wake, mayi ake a mnzangayo amene aliyense amawatchula kuti Paati (agogo aakazi m'Chitamil), ndi mwana wawo wamkazi amene alembe mayeso a kalasi 12 mwezi wa Malichi. Mwini ulendowu ndi mwanayu. Paati anatenga pepala la nyenyezi zake zakubadwa, limene kuno amati jathagam, n'kupita nalo kwa wopenda nyenyezi, ndipo iye anawalangiza kuti akapemphere kwa Budha (Mercury) ndi kwa Guru (Jupiter) mayeso asanayambe. Ine ndine Mkhristu wokulira m'kwaya. Chandidzutsa ndi kufuna kumva ndi makutu anga mmene anthu amapemphera nzeru poimba.

Mu jyotisha, chiphunzitso cha Ahindu cha nyenyezi, muli ma graha, kapena kuti mapulaneti opembedzedwa, asanu ndi anayi: Dzuwa, Mwezi, Mars, Mercury, Jupiter, Venus, Saturn, komanso Rahu ndi Ketu, amene si mapulaneti koma mfundo ziwiri pamene njira ya mwezi imadutsana ndi ya dzuwa, pomwe pamachitikira kadamsana. Chigawo chino chili ndi kachisi wa aliyense mwa iwo, kuyambira Suryanar Kovil wa Dzuwa mpaka Thirunallar wa Saturn. Ambiri amabwera pa basi n'kuwazungulira onse mothamanga. Paati akana zimenezo. Akuti munthu wopempha nzeru sathamanga.

Madzulo tapita kudziwe la Mahamaham, pakati pa tauni, lozunguliridwa ndi masitepe amwala ndi tinyumba topempherera 16. Jupiter amatenga zaka pafupifupi 12 kuzungulira dzuwa, ndipo akalowa m'gulu la nyenyezi la Mkango anthu miyandamiyanda amadzasamba pano. Komaliza kunali 2016, kotsatira ndi 2028. Lero panali bata, ana akudyetsa nsomba, ife tikumwa khofi wamkaka wa m'tikapu tamkuwa.

Asanagone, Paati atulutsa panchangam, kabuku ka masiku ndi nyenyezi, naloza ndi chala. Tsiku lililonse lili ndi ola limodzi ndi theka la Rahu, limene sayambira chinthu chabwino. Lachitatu limagwa kuyambira 12 koloko masana. Choncho mawa tilawira.

Lachitatu, Thiruvenkadu

Lachitatu ndi tsiku la Budha, amene ndi Mercury (si Buddha wa Abuda ayi). Tanyamuka kusanache kulowera kum'mawa, cha kunyanja, kudera la Sirkazhi. Kachisi wa ku Thiruvenkadu ndi wa Shiva, mmodzi wa milungu ikuluikulu ya Ahindu. Ndi kachisi wamkulu, wa maiwe atatu, la Moto, la Dzuwa ndi la Mwezi, ndipo Budha ali ndi kachipinda kakekake mkati mwa mpanda. Akachisi ena kuno salola osakhala Mhindu kupyola pamlongoti wa mbendera. Mnzanga wayamba wafunsa, ndipo andilola kuima chakumbuyo. Nsapato tasiya pachipata.

Pamenepo zonse n'zobiriwira: nsalu yoveka fano, masari a amayi, ngakhale chopereka chake, chomwe ndi mphodza. Mwana uja wayatsa tinyale tadothi 17, kamodzikamodzi, chingwe chathonje chitanyikidwa m'mafuta a mkaka wa ng'ombe. Ndafunsa kuti 17 bwanji. Mnzanga wandifotokozera kuti mu jyotisha moyo amaugawa m'nyengo zokwana zaka 120 zonse pamodzi, graha aliyense n'kulamulira gawo lake: Budha zaka 17, Guru 16, Saturn 19, Venus 20, ndi ena otero. Nyengo yoyambira imatengera nyenyezi imene mwezi unalipo munthu pobadwa, ndipo nyenyezizo zilipo 27. N'chifukwa chake wansembe asanayambe amaweramira kukhutu kwako n'kufunsa dzina ndi nyenyezi yako. Mwanayu wanong'ona zake. Wansembe wazitchula mokweza, kenaka wayamba kutchula maina 108 a Budha, dzina lililonse n'kuponya duwa kumapazi kwa fano. Mawu ake amayenda mofanana, osakwera kwambiri, osatsika, mpaka belu ndi lawi lamoto kumapeto, anthu n'kumaika zikhato pamwamba pa lawilo n'kudzikhudza m'maso.

Titatuluka takhala pamwala pamthunzi, ndipo Paati aphunzitsa mdzukulu wawo ndime ya Budha ya mu Navagraha Stotram, nyimbo ya Chisanskrit imene mwambo umati anailemba Vyasa. Ndi mizere iwiri yokha. Imayerekeza Budha ndi mphukira yobiriwira, imamutcha wofatsa, wa makhalidwe ofatsa, kenaka woimba amagwada. Chandikhudza n'chakuti mulibe pempho la mamalikisi. Mwana woopa mayeso akuimba za kufatsa kambirimbiri mpaka mpweya wake udekha. Ndaona ndi maso anga mapewa ake akutsika.

Pobwerera tadzera ku Vaitheeswaran Koil, kwa Mars, tauni yotchuka ndi openda nyenyezi a nadi. Iwo amadinda chala chako chachikulu, chakumanja kwa mwamuna, chakumanzere kwa mkazi, n'kunena kuti akufunira tsamba la mgwalangwa limene anzeru akale analembapo moyo wako. Tisanatsike n'komwe anyamata oitanira makasitomala anali atazinga galimoto. Mmodzi wayang'ana mwanayu n'kuuza mayi ake kuti nkhope yake ikuonetsa nyengo yoipa, ndipo popanda mwambo wapadera wolipira chaka chino chimupita. Nkhope ya mayiyo yasintha pomwepo. Zandipweteka. Kugulitsa mantha kwa kholo la mwana wamayeso ndi nkhanza, kaya wogulitsayo wavala chiyani.

Paati sanatsutsane naye. Galimoto itanyamuka angoyamba kuimba m'Chitamil, ndi mawu okalamba koma osagwedera. Nyimboyo ndi Kolaru Pathigam, ya Sambandar, mnyamata wa ku Sirkazhi komweku amene anakhala m'zaka za m'ma 600. Nkhani yake imati ataitanidwa ku Madurai, mkulu mnzake Appar anamuletsa poti masiku ndi mapulaneti sizinali bwino. Sambandar anayankha ndi nyimboyi, ali ku Vedaranyam. Ndime yoyamba imatchula ma graha onse mmodzimmodzi, n'kunena kuti popeza Shiva walowa mumtima mwake, onsewo ndi abwino, abwino ndithu kwa atumiki a Mulungu. Mawu oti abwinowo amabwerezedwa kumapeto kwa ndime, ndipo pofika yachitatu mayi uja anali atalowamo, kenaka dalaivala. Chipembedzo chomwecho chimene chili ndi mapepala a nyenyezi chili ndi nyimbo yochotsa mantha a nyenyezizo, ndipo agogo ndiwo akuisunga.

Lachinayi, Alangudi

Lero ndiye chimake cha ulendo. Alangudi ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 17 kum'mwera kwa Kumbakonam, ndipo Lachinayi, tsiku la Guru, mudzi wonse umasanduka wachikasu. M'mbali mwa msewu amayi akugulitsa nsalu zachikasu, maluwa oyera onunkhira, ndi nkhata za tchana. Amaviika tchana usiku wonse, n'kumatunga ndi singano kamodzikamodzi. Paati sanagule. Yawo anatunga okha usiku wathawu ndi mdzukulu wawo, atakhala pansi m'chipinda chogona, mbale ili pakati.

Guru ndi Jupiter, amene m'mabuku akale ndi Brihaspati, mphunzitsi wa milungu. Openda nyenyezi amati Budha amayang'anira kulankhula, kuwerengera ndi malonda, pamene Guru amayang'anira aphunzitsi, ana, ndi kuzindikira choyenera kuchita. Chaka ndi chaka akamasamuka kuchoka m'gulu lina la nyenyezi kulowa lina, chochitika chimene amati Guru Peyarchi, apolisi amachita kumanga mizere ya nsungwi kuti khamu lidutse. Lero si tsikulo, komabe mzere unali wautali, wodzaza ana asukulu ndi makolo awo.

Amene anthu amafola kudzamuona pano ndi Dakshinamurti, Shiva monga mphunzitsi, wosemedwa pakhoma la kum'mwera. Ndamuona bwino chifukwa mzere unaima ndili moyang'anana naye. Wakhala pansi pa mtengo wa mtundu wa kachere, mwendo umodzi waupinda pa unzake, wina waponda kamunthu kakafupi koimira umbuli. Dzanja lakumanja walikweza, chala chamkombaphala chitakhudza chachikulu. Iye ndi mnyamata, ophunzira ake okhala pansi ndi nkhalamba zandevu, ndipo mwambo umati amawaphunzitsa ali chete, zikaiko zawo n'kutha. Monga mphunzitsi amene amayankhula kuyambira belu loyamba mpaka lomaliza, chithunzi chimenechi chandigwira mtima kuposa china chilichonse chimene ndaona kuno.

Pali mkangano pa nkhaniyi, ndipo ndaumva pomwepo. Bambo wina wachikulire, wa phulusa la mizere itatu pachipumi, wauza mnzanga kuti anthu akusokoneza zinthu: Brihaspati ndi graha chabe, wantchito, pamene Dakshinamurti ndi Mulungu mwini, choncho kumuveka chikasu ndi tchana n'kumutsitsa. Mnzanga wamuyankha mwaulemu kuti, "Ayya, amayi angawa akudziwa amene akumupempha." Bamboyo wagwedeza mutu mwa Chitamil, kuja kosasiyanitsa eya ndi ayi, nabwerera kukona kwake kukapitiriza Dakshinamurti Stotram, nyimbo imene amati ndi ya Adi Shankara. Amaimba pang'onopang'ono, maso ali chitsinzire, ndime iliyonse n'kuthera pa kugwadira mphunzitsi.

Banjali layatsa tinyale 24 n'kuzungulira kachisi ka 24, monga mwa mwambo wa pano. Mwala unali utayamba kutentha. Ine ndakhala pakhonde la mizati n'kumawaona akudutsa. Paati patsogolo, milomo ikuyenda. Mwana pambuyo, akubwereza ndime ya Brihaspati, imene imamutcha mphunzitsi wa milungu ndi wa anzeru, wowala ngati golide, nzeru yeniyeniyo. Pakuzungulira koyamba amaona papepala. Chapakati pepala linali m'manja koma osaliyang'ana. Kumapeto linali m'thumba la bambo ake.

Sindikhulupirira kuti Jupiter amasintha zotsatira za mayeso. Ndanena izi kwa mnzanga tikudya mpunga patsamba la nthochi, ndipo iye, munthu wa masamu, sanakhumudwe. Wati naye sawerengera zimenezo, koma anaona mwana wake akusowa tulo mwezi wathunthu, ndipo dzulo wagona mpaka kudzutsidwa. Paati atamasuliridwa zomwe timakambirana andiyang'ana n'kunena kuti, "Thambi, Guru salembera munthu mayeso. Amatsegula mutu, kuthiramo ndi kwako."

Akachisi amatseka masana n'kutsegulanso cha m'ma 4 koloko. Madzulo, titabwerera ku Kumbakonam, tamvera odhuvar m'kachisi wa Adi Kumbeswarar. Awa ndi oimba ophunzitsidwa nyimbo za Tevaram, za Sambandar, Appar ndi Sundarar, zimene zinasonkhanitsidwa m'nthawi ya mfumu Rajaraja Chola, yemwe uja anamanga kachisi wamkulu wa ku Thanjavur womalizidwa mu 1010. Munthu mmodzi, tizitsulo tiwiri m'manja, palibe chimkuzamawu. Mawu ake amadzaza khonde lonse lamwala.

Lachisanu, Koothanur ndi Tiruvarur

Koothanur sali m'gulu la akachisi a mapulaneti, koma wopita kukapempha nzeru samulambalala. Ndi kachisi wamng'ono wa Saraswati, mulungu wamkazi wa maphunziro ndi nyimbo, pakati pa Mayiladuthurai ndi Tiruvarur. Mudziwu umalumikizidwa ndi Ottakoothar, mlakatuli wa kubwalo la mafumu a Chola m'zaka za m'ma 1100. Timagolosale ta pakhomo timagulitsa zolembera, makope, masileti ndi maluwa oyera a m'madzi. Mwana uja wapereka zolembera ziwiri zimene akalembere mayeso. Wansembe waziika kumapazi kwa fano, watchula maina, n'kumubwezera zili ndi kadontho kofiira. Pa chikondwerero cha Vijayadashami, cha mu Seputembala kapena Okutobala, makolo amabweretsa tiana kuno kudzalemba chilembo choyamba ndi chala pa mpunga wothiridwa m'mbale. Pemphero la pano mwana aliyense amalidziwa: amalonjera Saraswati, n'kunena kuti ndikuyamba kuphunzira, zindiyendere nthawi zonse. Kagulu ka ana a yunifolomu kaliimba pamodzi, mphunzitsi wawo akuwerenga mitu kuti asasowe wina.

Ku Tiruvarur tangodutsa. Ndi kwawo kwa akatswiri atatu a nyimbo za Carnatic (nyimbo zamwambo za kum'mwera kwa India), Tyagaraja, Syama Sastri ndi Muthuswami Dikshitar. Dikshitar, wobadwa mu 1775, anapeka nyimbo za mapulaneti, ndipo nkhani imene oimba amasimba imati ya Brihaspati anaipekera wophunzira wake wodwala m'mimba, amene sankaloledwa kunena mawu a m'ma Veda, malemba opatulika akale a Ahindu, chifukwa cha mtundu wake. Anatenga zimene zinali za ochepa n'kuziika m'nyimbo yoti aliyense wa pakamwa aimbe. Dalaivala watiikira nyimboyo pafoni, ndipo taimvera mpaka kufika.

Loweruka, Kumbakonam

Ndadzuka mdima ulipo kuti ndikamvere ana a sukulu ya ma Veda. Kumbakonam ndi kwawo kwa sukulu zoterezi, ndipo yotchuka ndi Raja Veda Kavya Patasala, imene anayambitsa Govinda Dikshitar, nduna ya mafumu a Nayak a ku Thanjavur, m'zaka za m'ma 1500. Ife tapita ku ina yaing'ono, ya m'nyumba ya m'mbali mwa mtsinje, kumene mnzanga ali ndi wodziwana naye.

Anyamata akhala pansi m'mizere iwiri yoyang'anizana, nsalu zoyera m'chuuno, tsitsi lomangidwa kankhongo. Palibe buku pamaso pawo. Mphunzitsi amanena mzere kamodzi, iwo n'kubwereza kawiri. Liwu lililonse lili ndi malo ake, lokwera, lotsika kapena lapakati, ndipo kamnyamata kena kataphonya pamodzi mphunzitsi wangokweza chala, onse n'kubwerera. Zandikumbutsa mmene tinkalowezera matebulo pansi pa mtengo wa mango, kupatula kuti awa amachita zimenezi zaka zambiri, tsiku lililonse. Akuluakulu atisonyeza njira zolowezera. Poyamba mzere wonse, kenaka liwu limodzilimodzi, kenaka awiriawiri molumikiza, loyamba ndi lachiwiri, lachiwiri ndi lachitatu. Pali njira yotchedwa jata, imene amapita kutsogolo, kubwerera m'mbuyo, n'kupitanso. Yovuta koposa ndi ghana: 1-2, 2-1, 1-2-3, 3-2-1, 1-2-3, kenaka n'kuyambira pa liwu lachiwiri. Munthu wa masamu aliyense aona msanga chimene chikuchitika apa. Liwu likatchulidwa m'malo ambiri chonchi, kulakwitsa kumodzi kumaonekera pompo, ndipo umu ndi mmene mawuwa adutsira zaka zoposa 3,000 kuchoka pakamwa kupita pakamwa. UNESCO inazindikira mwambowu mu 2003 kuti ndi chuma cha anthu onse.

Atiimbira Medha Suktam, pemphero lopempha mutu wogwira zinthu. Mphunzitsi wafotokozanso za Gayatri, ndime ya zigawo za mawu 24 ya mu Rig Veda, yonenedwa m'bandakucha, masana ndi madzulo, imene pempho lake ndi limodzi, kuti kuwala kwa Savitr, mulungu wa dzuwa, kudzutse maganizo athu. Ndamufunsa ngati anawa amamva tanthauzo. Wati tanthauzo limabwera pambuyo, poyamba lilime likhazikike. Pa mfundo iyi mtima wanga wagawikana, chifukwa m'kalasi ndakhala ndikulimbana ndi ana oloweza osamvetsa. Komabe sindinaonepo ana a zaka khumi omvetsera motere. China chimene sindingachibise n'chakuti mwana wathu uja anaima pakhomo pamodzi ndi mayi ake. Sukulu zambiri zoterezi zimalandira anyamata a mabanja a Abrahmin (mtundu wa ansembe) okha, ndipo mtsikana amene waloweza ndime zija m'masiku ochepa alibemo malo.

Masana tapita mumsewu wa Sarangapani Sannidhi, kunyumba imene anakuliramo Srinivasa Ramanujan, katswiri wotchuka wa masamu. Ndi kanyumba kopapatiza ka denga la matailosi, kamene yunivesite ya SASTRA ikusamalira tsopano. Pali bedi lamatabwa pafupi ndi windo loyang'ana kumsewu, ndipo nsanja ya kachisi ikuonekera kumapeto kwa msewuwo. Ramanujan anabadwa mu 1887, mayi ake ankaimba nyimbo zachipembedzo m'kachisi, ndipo iye ankanena poyera kuti nzeru zake zimachokera kwa Namagiri, mulungu wamkazi wa ku Namakkal. Masamu ambiri ankawachitira pa sileti, n'kumafufuta ndi chigongono, chifukwa mapepala anali odula. Mu 1914 anapita ku Cambridge kwa katswiri wa masamu G. H. Hardy, ndipo anamwalira mu 1920 ali ndi zaka 32.

Mnzanga waimitsa mwana wake pawindo paja n'kumuuza kuti munthu ameneyu anataya thandizo la maphunziro pa koleji ya boma ya m'tauni muno chifukwa cholephera maphunziro ena onse kupatula masamu. Mwanayo wafunsa kuti, "Appa, nanga ine ndikalephera?" Bambo ake amuyankha kuti adzalembanso, ndipo kwawo kudzakhalabe kwawo. Paati awonjeza kuti Lachinayi lililonse mpaka mayeso athe azidzuka naye limodzi, ndime ya Guru poyamba, kenaka buku la Chemistry. Sitima yathu yobwerera ku Chennai ndi ya usiku uno.